Tsiku Limene Njovu Zinaima pa Sikirini

Seva yathu, kompyuta yaikulu yosunga mauthenga, inkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi ku Mfuwe, kotentha ngati uvuni wa njerwa. Tinachita kupatsidwa itatopa kale kwina, ndiye tinangolandira ndi manja awiri. Njovu zingapo za ku Lupande zinali ndi makolala otumiza uthenga m'khosi, ndipo sevayo inkalandira malo amene zili n'kuzionetsa ngati timadontho tofiira pa mapu. Zikayandikira minda ya ku Kakumbi, uthenga unkapita kumafoni a alimi. Wosamala sevayo ndinali ine, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Atate anga ankalima dimba pafupi ndi mtsinje. Moyo wawo wonse, asanakwere njinga madzulo, ankayamba aona ndowe panjira, nthambi zothyoka kumene, ndi kumene mphepo ikuchokera. Ine ndi amene ndinawasiyitsa. Ndinawaseka kuti akununkhiza tchire pamene mwana wawo ali ndi mapu. Anakana kwa chaka chathunthu, kenako anagonja, n'kuyamba kundiimbira tsiku lililonse asanachoke kudimba.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, memori ina m'sevamo inayamba kulakwitsa. Makinawo anali ndi mapurosesa awiri, iliyonse ndi memori yake pambali, ngati nyumba ziwiri, iliyonse ndi nkhokwe yake pakhomo. Pakati pa zonse pali pulogalamu yaikulu imene timati kenelo. Iyo imasunga ndandanda yonena kuti purosesa iyi izitapa m'nkhokwe iyi. Nkhokwe yodwalayo inali ya purosesa yachiwiri.

Kuzimitsa seva ndinkaopa, chifukwa ikazima inkachita nthenya kuti iyake. Koma makina amenewa amalola kuchotsa memori ali chiyakire. Umauza kenelo kuti isamutse zonse zili m'nkhokwemo, ikamaliza umasolola. Kenelo yabwino ikatero imakonzanso ndandanda ija, n'kuuza purosesa yotsala padera kuti izikatapa kwa mnzake. Yathu inali yakale. Yatsopano ndinali nditaizengereza miyezi ingapo, poti netiweki ya kwathu imayenda ngati ikukoka mwendo. Ndinkadziwanso kuti njira yosamala ndi kuyamba wagoneka purosesayo. Ndinaona ngati kuchedwa.

Ndinalemba malamulo, kenelo inayankha kuti zatheka, ndinasolola memoriyo ikuotcha zala. Palibe chinalira. Mapu anali pomwepo, timadontho tisanu tili kutsidya kwa Luangwa, mkati mwa paki. Ndinadziyamikira ndekha n'kupita kukagula madzi ozizira.

Patapita maola atatu, cha m'ma folo koloko madzulo, foni inalira, ndipo anali atate.

"Waswera bwanji, iwe? Yakwana 16 awazi, nifuna kunyamuka. Zili kuti zinyama zako?"

"Zili kutsidya, atate. Zaima phee."

"Nanga anyani akubwebweta chani kumtsinje kuno?"

"Anyani ndi anyani, atate. Pitani, njira ili bwino."

Anangoti chabwino, n'kudula.

Ndinakhala pansi n'kuyang'ananso mapu. Timadontho tinali pomwe paja. Ndinamwa madzi, ndinayang'ananso. Pomwe paja. Mtima unayamba kundiuza kanthu, chifukwa njovu siima malo amodzi dzuwa litapendeka, mango atayamba kununkhira kumidzi. Pakona pa sikirini panali timanambala tating'ono tosonyeza nthawi imene uthenga womaliza unalowa. Inali nthawi yomwe ija ndinasolola memori, maola atatu apitawo.

Apa m'pamene ndinazindikira chimene chinachitika. Pulogalamu yojambula mapu inali pa purosesa yoyamba, ndiye inkangoonetsa zakale mosatekeseka. Yolandira malo a njovu ndinaimangirira ndekha ku purosesa yachiwiri, ndipo ndandanda ya kenelo inali kuilozerabe kunkhokwe imene ndinali nditaika m'thumba la malaya. Inapempha posungira uthenga kumeneko, n'kuuma gwa, osafa, osadandaula.

Ndinaimbira atate. Foni inaitana mpaka kudula yokha. Ndinazimitsa seva yonse, chinthu chomwe ndinkathawa chija, ndipo inayaka bwinobwino, ngati ikundinyogodola. Timadontho tinalumpha mtsinje. Titatu tinali pa njira ya kudimba.

Ndinabwereka njinga yamoto ya mlonda wa paofesi. Za ulendowo sindikumbuka zambiri, koma fumbi ndi mantha. Pokhota pa mitengo ya mango ndinapeza njinga ya atate ili pansi, gudumu lopindika pakati, tomato atasanduka phala m'dothi. Ndinaitana. Anayankha ali m'ngalande yakuya ya m'mbali mwa njira, mwendo utathyoka pogwa akuthawa njovu. Nkhuyu zodya mwana zinapotadi wamkulu.

Kuchipatala sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Ndinayesa kufotokoza za kenelo ndi ndandanda yake, iwo anangotseka maso. Kenelo yatsopano ndinaika sabata yomweyo, ndipo sevayo sinalakwitsenso.

Masiku ano atate amayenda ndi ndodo, ndipo kudimba amapitabe. Ikakwana 16 awazi ndimapezeka ndayang'ana foni. Amayi amati atatewo amaima nthawi yaitali pamphambano, akuona pansi, akumvetsera anyani. Foni amaisiya kunyumba, pawindo.