Tsiku Limene Mikate Inakhala Kutsogolo

Ku Yongdae kuno palibe amene sawadziwa a Pyeon Gwang-sik, ndipo amene sanaione nkhope yawo anaionapo galimoto yawo. Ndi yakuda, yonyezimira ngati nsapato ya mkwati. Timasiponji ta buluu timene inabwera nato kufakitale tikadali m'mbali mwa zitseko mpaka lero, ndipo mapulasitiki a pamipando yakumbuyo sanachotsedwe. Munthu ukakhalapo amalira ngati wakhalira thumba la feteleza.

A Pyeon anabadwira m'nsomba. Bambo awo ankayanika nsomba, agogo awo chimodzimodzi. Dzinja, imene kuno ndi nyengo ya chisanu choopsa, likafika, chipale chofewa chitakwirira mapiri, nsomba zimabwera pamalole, anthu nkuzitumbula, kuzitsuka m'madzi oluma zala, nkuzipachika ziwiriziwiri pamathandala. Usiku zimaundana, masana zimasungunuka, mpaka mnofu utafewa nkusanduka wachikasu. Ndi ntchito yofuna chisanu, ndiye munthu wake amakalamba asanafundepo. A Pyeon anakakhalapo kunja kwa mudzi uno kamodzi kokha, pamene anapita ku usilikali nakayendetsa galimoto ya mkulu wina wa asilikali. Kumeneko anaphunzira zinthu ziwiri: kutsegulira bwana chitseko, ndi kuti bwana amakhala kumbuyo, dzanja lamanja. Nzeru ziwirizi akhala akuzitafuna moyo wawo wonse ngati chingamu chotha shuga.

Tsiku limene anapita ku Chuncheon kukaona magalimoto, wogulitsa anawakhazika pampando wa dalaivala nkudina kabatani pambali. Sipanatenge nthawi, kutentha kunayamba kukwera kuchokera m'matako, kudutsa m'chiuno, mpaka pamsana pamene pankawasautsa. Amene anawaperekeza amati maso a mkuluyu anadzaza misozi, chinthu chimene sichinachitike ngakhale pamaliro a bambo awo. Wogulitsa anawauza kuti iliponso ina yokwererapo mtengo imene imafunditsa ndi mipando yakumbuyo yomwe.

"Kumbuyo kumakhala ndani?" anafunsa a Pyeon. "Nsomba?"

Kuyambira pamenepo anasanduka mlaliki wa mpando. Ukawapeza pasitolo uli pachangu, wagwa nayo. Amakufotokozera kuti pansi pa chikopa pali kawaya kopyapyala koyenda mokhotakhota ngati njira ya nyerere, kuti magetsi akamadutsa m'kawayako kamatentha monga bulangete lamagetsi, ndipo pali kachipangizo kena kamene kamamva kuti kwatentha mokwanira nkudula magetsi kokha, kenako nkuwabwezanso. Timagetsi titatu pabatani: kamodzi ka anthu amantha, tiwiri ta azimayi, titatu ta iwowo. Mayi wa pasitolo anawayankha tsiku lina kuti iye anakwerapo ya mlamu wake nkumva ngati wadzikodzera. Wa takisi anati zimabweretsa tulo panjira. A Pyeon anangowamvera chisoni. Sananene kuti iwo eni anapita kwa wogulitsa mankhwala ndi ntchafu zofiira ngati nyama yowamba, chifukwa chokhalira timagetsi titatu ulendo wonse wa ku Sokcho ndi kubwerera.

Mpando unali ndi malamulo ake. Osagwadapo, kawaya kangaduke. Osaikapo khushoni, kutentha kungatsamwe. Osakhalapo ndi zovala za kuntchito. Lamulo lomalizali linagwera akazi awo, mayi Ok-bun, amene fungo la nsomba linawalowa m'khungu kalekale chifukwa cha nsomba za a Pyeon omwewo. Mayiwo ankayendabe pa kalole kakale kamene hita yake inafa, atafunda bulangete m'miyendo.

Koma chimene chinali kuwadya a Pyeon chinalipo. Mawondo anayamba kukana makwerero a mathandala, ndipo mwana anali mmodzi yekha, Da-som, amene ankagwira ntchito kuchipatala cha mano ku Wonju. Mathandala a mibadwo itatu akanathera pa iwo. Ndiye Da-som atabwera ndi Tae-ung, mnyamata wamapewa aakulu amene ankapereka katundu m'makomo, a Pyeon sanaone nkhope, anaona mapewa. Anamuuza kuti akakwatirana abwere adzakhale kuno, aphunzire ntchito, mathandala adzakhale ake. Mnyamatayo anali atatopa ndi kukwera masitepe a eni ake ndi makatoni. Anati iye alibe mawu, koma bambo ake ndiwo anene, popeza mwana wamwamuna kukakhala kwa mkazi si nkhani yoiyankha wekha.

Bambo akewo, a Namgung, anali wamasiye wopuma ntchito ya njanji. Anavomera kubwera pabasi kudzaona malo ndi anthu ake, nkudyera limodzi. Kunali pakati pa dzinja, masiku amene mamina amaundana usanawapukute.

M'mawa wa tsikulo Da-som anaimba foni. "Bambo, chonde lero za usilikali ayi. Za mpando ayi."

"Iwe, ine ndinkanyamula anthu a nyenyezi paphewa usanabadwe. Undiphunzitse kulandira mlendo?"

"Mungowatenga pasiteshoni nkubwera nawo kodyera. Basi. Ife mutipeza komweko."

A Pyeon anadzera kaye kwa wophika mikate ya mpunga, natenga bokosi lalikulu limene anaitanitsa ngati mphatso ya asewere. Inali yotentha, ikutuluka nthunzi. Mkate wa mpunga ukazizira umalimba ngati sopo, ndipo apa mpamene nzeru inawafikira. Anaika bokosilo pampando wakutsogolo, nalimanga lamba, nayatsa timagetsi titatu. Anadziyamikira njira yonse.

Pasiteshoni anapeza nkhalamba yowonda, yovala jekete la suti ndi chikhoti chopyapyala cha anthu a m'tauni, makutu ali psuu. Anaweramirana, nafunsana za ulendo. Kenako a Namgung anachita chimene munthu aliyense woleredwa amachita mwini galimoto akamayendetsa yekha: anagwira chitseko chakutsogolo kuti akhale pambali pa mnzawo, asamuyese dalaivala wolembedwa.

A Pyeon anadumpha ngati awaponda chala. "Ayi, ayi, asewere. Malo anu ndi awa." Anatsegula chitseko chakumbuyo cha kumanja, dzanja limodzi atalitchinga pamwamba kuti mlendo asagunde mutu, monga ankachitira kwa bwana uja.

"Kutsogolo kuli bwino, tizicheza," anatero a Namgung.

"Sizingatheke. Munthu wolemekezeka amakhala apa. Ndikudziwa zimenezi ine, ndinayendetsapo akuluakulu. Komanso kutsogoloku kuli kale mwini wake." Anaseka, naloza bokosi.

A Namgung anayang'ana bokosi lomangidwa lamba, nayang'ana pulasitiki, nalowa. Pulasitikiyo inalira. Pansi pake panali chikopa chimene chinagona panja usiku wonse.

Tsono mwana aliyense kuno amadziwa kuti m'nyumba zathu, zimene timazifunditsa kuchokera kunsi, pansi pamene pamafunda kwambiri ndi pa wamkulu kapena mlendo. Agogo athu ankasuntha okha kuchoka pamalo amenewo munthu wa ulendo akalowa. A Pyeon anakulira m'nyumba yotero. Koma m'galimoto munalibe agogo, munali mkulu wa asilikali.

Galimoto itanyamuka, anachepetsa hita ya mphepo. "Mphepo yotenthayi imaumitsa kukhosi," anafotokoza, "ndipo ndi mipando imeneyi siifunikanso. Mukudziwa m'mene imagwirira ntchito, asewere?"

"Sindikudziwa."

Kunali kulakwa kwa a Namgung kumeneko. Kawaya kanayenda mokhotakhota kuyambira pasiteshoni mpaka pamlatho. Kachipangizo kodula magetsi kanatenga mtunda wonse wa m'mbali mwa mtsinje woundana. Pokwera chitunda a Pyeon anamasula batani la kolala.

"Ngati panopa, thukuta kumsanaku. Mungaganize kuti ndi chilimwe. Tagwirani bokosilo pansi pake mumve."

A Namgung anatulutsa dzanja m'khwapa, naligwira. "Lafundadi."

"Mwaona? Imakafika kunyumba ngati yangophulidwa kumene. Nkhuku yokazinga ndimatero, supu ndimatero."

"Kumbuyo kuno kulibe kawayako?"

"Anafuna kundigulitsa yotero. Ndinawauza kuti kumbuyo kumakhala ndani, nso—" Apa ngakhale a Pyeon anamva kuti lilime laterereka. Anatsokomola. "Kumbuyo sikukhalakhala anthu."

"Ndaona," anatero a Namgung, nabweza dzanja m'khwapa.

A Pyeon anakhota dala kuti adutse kumathandala. Anatsitsa galasi lakumbuyo, la mbali ya mlendo, kuti aone bwino mizere ya nsomba yofika kuphiri, ndi kuti amve mphepo imene imazikometsa. Mlendo anaimvadi.

Kodyera anapeza Da-som ndi Tae-ung akudikira. Pomwepo kalole kanafika kakutsokomola, mayi Ok-bun natsika, napinda bulangete lawo nkulisiya pampando. Mkati, mwini malo atangoona milomo ya a Namgung, anawatsogolera pakona pamene pansi pamatentha kwambiri, nawapatsa madzi otentha. Nkhalambayo inakhala pomwepo, nikhazika zikhatho pansi kuti zifunde. Da-som anayang'ana bambo ake, iwo namutsinzinira diso kusonyeza kuti zonse zayenda.

Supu ya nsomba inabwera, anadya. A Pyeon anatsegula bokosi lawo monyadira, ndipo kunena zoona mikate inali yofewa. A Namgung anatenga umodzi, nauyamikira, kenako anatembenukira kwa mayi Ok-bun.

"Asewere aakazi, msana wanu uyenera kuti unapeza mpumulo ndi mpando umene uja."

"Uti?"

"Wofunda uja, wa m'galimoto."

Mayi Ok-bun anaseka pang'ono, osati mwaukali, monga munthu wofunsidwa ngati anapitapo kumwezi. "Ine ndimangoumva pakamwa pa bambo a Da-som. Akuti ndimanunkha katundu."

"Zovala, mayi a Da-som, ndinati zovala," anatero a Pyeon. "Chikopa chimagwira fungo."

"Eya, zovala. Muli inemo."

Palibe amene anaseka. A Pyeon anaona kuti nthawi yakwana yoti alowe m'nkhani, nathira mowa wa mpunga m'mbale ya mlendo ndi manja awiri. Anayamba za mathandala, za makolo, za nyumba ya pambali imene angaikonzere anawo, za mapewa a Tae-ung.

A Namgung anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa anthu a njanji amadikira sitima ithe kudutsa. Kenako anaika mbale pansi.

"Asewere, ukwati ndilibe nawo mawu. Mwana wanu ndamukonda, asankhe okha tsiku. Koma za kubwera kuno, ndinabwera ndi funso limodzi m'basi muja. Ntchito sindinaiope, mwanayu ndi wolimba. Ndimafuna kuona kuti munthu wochokera kunja amakhala pati m'banja lino, chifukwa iyeyu adzakhala wochokera kunja moyo wake wonse."

"Pamalo aulemu, asewere. Mwaona nokha lero."

"Ndaona. Pofunda pali pawiri. Pena pali inu, pena pali katundu wanu." Anatenganso mkate wina. "Ine ndazizidwa ulendo umodzi, si kanthu. Mayiwa sindikudziwa kuti ndi maulendo angati. Tae-ung akhala ku Wonju."

Tae-ung anayang'ana m'mbale yake. Da-som sanalire, sanakalipe; anangotenga dzanja la mayi ake, lokhakhala ngati khungwa, naliika pamwendo pake. Pobwerera kusiteshoni a Namgung anapempha kukwera kalole. Anati akufuna kucheza ndi asewere aakazi, ndipo anagawana bulangete.

Ukwati unachitika m'nyengo ya maluwa, ku Wonju. Dzinja lotsatira Da-som anali woyembekezera, mayi Ok-bun napita kukamuthandiza kwa kanthawi, m'nyumba ya pamwamba imene pansi pake pamafunda paliponse mofanana. Kanthawiko sikanathebe. Theka la mathandala a Pyeon analibwereketsa kwa anthu a kampani ina, theka linalo likuyanika mphepo.

Musaganize kuti mkuluyu sanaphunzirepo kanthu. Anaiganizira nkhaniyi mozama, ali pampando wake, timagetsi titatu tikuyaka, mpaka anapeza pamene panalakwika. Amalongosola pasitolo kwa aliyense amene wachedwa kuthawa.

"Wogulitsa uja ndiye anandipweteka," amatero. "Akanalimbikira pang'ono, ndikanatenga ya mipando inayi."