Njinga ya Ketrina Pakati pa Mabodaboda

Ketrina adawoloka nyanja kuchokera ku Nkhata Bay akadali mtsikana, atakwatiwa ndi msodzi wa ku Mbamba Bay, tsidya lija la nyanja, kunja kwa Malawi. Mwamunayo atamwalira, abale ake adatenga bwato ndi maukonde, n'kumusiyira njinga yakuda poti inali yadzimbiri. Adaphunzira kupalasa ali kale ntchembere, anthu akuseka, iye akugwa mumchenga n'kudzuka, n'kukweranso. Kuyambira pamenepo tomato wake ankapita kumsika ali m'dengu pakaliyala.

Chaka china a halmashauri, omwe amaona za chitukuko cha boma la Nyasa, adamanganso msikawo. Adati zomanga zatsopano zisamawononge chilengedwe: njerwa zosawotcha, masola padenga, thanki yokolola madzi a mvula. Pakhomo adaikapo kashedi ka malata, kokhala ndi zitsulo zokolekapo njinga ndi chikwangwani chojambulidwa njinga yakapalasa. Ketrina adalulutira, pakuti dzuwa la kunyanja lidam'phulitsira machubu kambirimbiri.

Chimwemwecho sichidakhalitse. Anyamata a bodaboda adaona mthunzi, basi n'kudzazamo mapikipiki awo, njinga zamoto zonyamulira anthu.

"Mama, pano ndi pasiteji pathu," adatero Valentino, mkulu wawo, ali ndaa pampando wa pikipiki yake. "Kachikweteko kaikeni kuseri."

"Mwanangu, chojambulidwa pachikwangwanipo chili ndi injini?"

Anyamata adaseka. Ketrina sadaseke. Adapanikiza njinga yake pakati pa mapikipiki awiri, n'kuimanga ndi tcheni, n'kusenza dengu lake.

Poweruka adapeza matayala onse ataphwetsedwa. Adaikankha mpaka kunyumba. M'mawa mwake adabweranso n'kuimanga pomwepo. Tsiku limenelo chishalo chidasowa. Iye adakulunga chitenje pachitsulopo, n'kumapalasa choimirira, msana ukuwawa, koma pakashedi osaphonya.

Mmodzi wa anyamata aja adatopa naye. "Bwanji osangobwerera kwanu ku Malawi?"

Ketrina adatula dengu pansi. "Mwamuna wanga wagona m'manda a konkuno. Michombo ya ana anga idakwiriridwa konkuno. Ndibwerere kuti? Kabweze chishalo changa, iwe!"

Adalankhula mokweza moti msika wonse udatembenuka. Bertha, mayi wogulitsa nthochi yemwe ankasiya njinga yake padzuwa chifukwa cha mantha, adachita manyazi. Tsiku lomwelo adayenda benchi ndi benchi kunong'oneza anzake. M'mawa mwake anyamata pofika adapeza kashedi katadzaza: njinga za amayi a usipa, za abambo a makala, ngakhale ya Thadei, nkhalamba yosoka maukonde, yomwe idalibe ndi tcheni chomwe. Iye adangoikankha kuti nayo ikhalepo.

Padabuka phokoso, mpaka komiti ya msika idaitanitsa msonkhano. Ena adati agawane kashediko pakati. Ketrina adakana.

"Dzuwa likuwawotcha, ndikudziwa, nawonso ndi ana athu. Apatseni malo awo. Koma apa ayi."

Komiti idawapatsa malo tsidya lina la msewu. Anyamatawo adazika mitengo n'kufolera udzu, akung'ung'udza. Valentino adakhala nthawi yaitali osam'patsa moni, koma Ketrina sizidam'khudze. Ankam'dutsa akuliza belu.

Masiku ano ali pankhondo ina. Akuti kuchipatala nakonso odwala amasiya njinga padzuwa, ndipo pamsonkhano uliwonse amakhala kutsogolo, mkono uli m'mwamba tcheyamani asanamalize n'komwe pemphero.