Ukwati wa pasiteji nawonso umafuna ankhoswe

Loweruka lapitali ndinakhala nkhoswe ya ukwati wongopeka. Musandiseke msanga, yambani mwamva mmene zinayendera.

Mwana wa achemwali anga, Tiyamike, ndi telala pamsika wa kwathu ku Domasi. Masana amapalasa makina, madzulo amaimba. Iye ndi anzake ali ndi gulu la zisudzo, ndipo chaka chino achita zolimba mtima. Atenga filimu ija inatipengetsa tonse m'nyumba zoonetsera vidiyo, ija yakunja yomwe anyamata a m'tauni anaiikira mawu a Chichewa, n'kuisandutsa sewero loimba.

Kwa inu amene simunaione, nkhani yake ndi yosavuta. Mwana wamkazi wa munthu wolemera akondana ndi mnyamata wosauka. Bambo ake akumukakamiza kwa mwamuna wina wachuma. Awiriwo athawa n'kukakwatirana kwaokha. Pasiteji ya ku Domasi wolemera uja anasanduka mwini chigayo, wosauka uja anasanduka wakabaza, ndipo mtsikana wokondedwayo anali Tiyamike wathu.

Vuto linali bambo ake enieni, alamu anga a Makwinja. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wabwino mtima, koma kuti muone mano awo muyenera kudikira nthawi ya chimanga chootcha. Za zisudzozi sanazikonde kuyambira pachiyambi.

"Mwana wamkazi azikwatiwa Loweruka lililonse anthu akuonerera?" anatero. "Kumagwirana manja ndi mwana wa eni ake pagulu? Nanga mawa adzamufunsira ndani?"

Achemwali anga anawanyengerera mpaka anafewa pang'ono. Anati abwera adzaone okha. Koma anamuuziratu mwanayo kuti akadzangodzuka pampando sewero lisanathe, adziwe kuti za zisudzo zathera pomwepo, abwerere ku makina ake. Chonsecho gululi laitanidwa kuti likaonetse seweroli ku Zomba, ndipo Tiyamike wakhala akulota za ulendo umenewu.

Tiyamikeyo anandiimbira foni. "Malume, mubwere chonde. Mudzakhale nawo pafupi adadi. Akamafuna kudzuka mudzawagwire jekete."

Ndiye ndinakwera minibasi kupita kwathu, ntchito yanga ili imodzi basi: kulondera jekete la alamu.

Holo ya pasukulu inadzaza dzuwa likadali pamutu. Amayi ochokera kumadimba a mpunga, azibambo a zipewa zoyera amene anatseka maokala awo msanga, amayi a chigwirizano, anthu a ku Malosa amene anaimika njinga zawo mpaka kutseka khomo. Amene anasowa malo anapachika mitu m'mawindo. Mphatso, mnyamata wotsogolera seweroli, anatuluka ndi maikolofoni n'kupempha mwaulemu kuti tikhale chete mpaka kumapeto, manja tidzaombe sewero likatha.

Ndinamumvera chisoni. Ameneyu amauza ndani?

Tiyamike atangotsegula pakamwa kuyamba nyimbo yoyamba, bambo wina kumbuyo kwanga anadandaula mokweza: "Aaa, mufilimu muja apa sanaimbe!" Mnzake anamuyankha: "Inu khalani chete, izi ndi zina, izi n'zoimba." Bamboyo sanakhutire. Anadzipatsa udindo wotiuza zonse zisanachitike. "Tsopano abwera bambo ake. Si awo? Ndinanena ine."

Koma mawu a mwanayo, abale! Ine ndimamudziwa akuimba potsuka mbale, sindinkadziwa kuti angadzaze holo yonse popanda kukuwa. Pofika pakati pa nyimbo, wodandaula uja anali akugwedeza mutu motsatira ng'oma. Ndinanyada, ndisakubisireni.

Kenako inafika nthawi yoti wakabaza uja athamangitsidwe ndi antchito a mwini chigayo. Amene ankasewera wakabazayo ndi Amidu, mnyamata wamtali wa kwa Malemia. Anathamanga kuzungulira siteji, anthu akukuwa, ndipo atatsala pang'ono kugwidwa anaima chilili, n'kuika dzanja pachifuwa, n'kuyamba nyimbo yachisoni. Omuthamangitsa aja nawo anaima n'kumamuvomereza.

Holo inaphulika. "Thawa iwe! Ukaimba ukafika!" Mayi wina anachita kuimirira: "Mwana uyu ali bwinobwino? Anthu akufuna kukumenya iwe uli pa nyimbo?"

Mwamuna wachuma uja ndiye anaona zakuda. Akangotulukira, anthu ankamuwowoza. Gogo wina anamuloza chala n'kunena kuti, "Iwe ndimakudziwa, ndikawauza amayi ako zimene ukuchitazi." Mnyamatayo anayesetsa kulimbitsa nkhope yankhanza, koma milomo inkamugwedera.

Ine diso limodzi linali pasiteji, lina pa alamu. Anakhala atapinda manja, nkhope ili gwa. Pamene Tiyamike ndi Amidu anagwirana manja n'kuyamba nyimbo yawo yachikondi, alamu anakhosomola n'kusuntha phazi. Ndinagwira m'mphepete mwa jekete mwakachetechete. Ananditembenukira. "Alamu, jekete langa lakulakwirani chiyani?" Ndinati panali kachitsotso.

Ndiime kaye pamenepa, chifukwa ndikudziwa zimene ena mwa inu mukuganiza. Mukuti anthu akumudzi sadziwa kuonera sewero. Ndinamvapo mawu amenewa kangapo, ndipo ndinakhalapo m'maholo a m'tauni momwe munthu ukatsokomola ena amakuyang'ana ngati waba. Mumakhala duu mumdima, mumaomba m'manja pamapeto, aliyense n'kulowera kwake. N'zabwino ndithu, mawu onse amamveka. Koma kodi wosewera amadziwa bwanji kuti mwakwiya naye, mwamukonda, kapena mwagona?

Kwathu sitinaphunzire kuonerera chinthu manja ali m'thumba. Mlaliki akalasa timavomera. Wina akayambitsa nyimbo pamaliro sitimusiya aimbe yekha. Ngakhale mbuzi ikamakana kukwera minibasi, aliyense wodutsa amaponyapo nzeru yake. Ndiye inu mukufuna anthu omwewa akhale chete mwana amene amamudziwa akukakamizidwa banja pamaso pawo?

Tibwerere m'holo muja, chifukwa zenizeni zinali zisanachitike.

Sewero linafika kumapeto. Monga mufilimu muja, awiriwo anathawa n'kukaima okha pamaso pa womangitsa ukwati. Tiyamike anali atavala diresi loyera lomwe anasoka yekha. Ng'oma zinayamba pang'onopang'ono kukonzekera nyimbo yomaliza. Womangitsa uja anakweza manja.

Apo ndi pamene a Nasibeko, mayi wogulitsa mandasi pageti la sukulu, anaimirira n'kumanga chitenje bwinobwino.

"Tadikirani kaye! Ankhoswe ali kuti?"

Anthu anaseka, ng'oma zinapitirira. Koma mayiwo sankaseka.

"Ayi, ndikufunsa ine. Mwana uyu tonse timamudziwa, ali ndi kwawo. Akwatiwa bwanji ngati nkhuku yosochera? Mawa akakayambana akadandaula kwa ndani?"

Ng'oma zinazima. Kumbuyo kunamveka mawu: "Zoona zimenezo!" Ena anayamba kuwomba mabenchi: "Ankhoswe! Ankhoswe!" Mphatso anasuzumira kuseri kwa nsalu atagwira mutu. Tiyamike anayang'ana kumene tinakhala, ndipo ndinaona kuti watsala pang'ono kulira. Sewero lake linali kuphwasuka bambo ake akuona.

Ndiye wina anandiona. "Malume ake si awo akhala apowo!"

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pasiteji. Ndikukumbuka manja ambiri kumsana kwanga, ndiponso kuti jekete lija ndinalisiya lopanda mlonda. Mbali inayo anthu anali akukankha Che Saidi, malume ake a Amidu, amene amagulitsa nsalu pamsika. Iwo sanavute n'komwe. Anakonza chipewa chawo, anakwera masitepe mwaufumu, ngati akhala akudikira mwayi umenewu chibadwire.

Wina anatibweretsera mipando. Tinakhala moyang'anana, tinapatsana moni monga mwa mwambo, holo yonse ili chete kuposa mmene Mphatso anapemphera poyamba paja.

"Ife tabwera," anayamba Che Saidi, "chifukwa mwana wathuyu waona maluwa pakhomo panu. Kuthawa anathawaku n'chibwana, tamukalipira kale. Tsopano tikufuna tilowere pakhomo, osati pawindo."

Nthungululu zinalira. Ine, munthu amene ndimadya za kulemba, mawu anandithawa. Ndinangoti, "Tamva. Koma nkhuku zili kuti?"

"Tambala ali m'njira, wakwera kabaza wina."

Munthu wina anakuwa kuchokera pawindo: "Nanga akamangitsira kuti, kutchalitchi kapena kumzikiti?" Che Saidi sanatembenuke n'komwe. "Zimenezo ndi za ife akuluakulu. Inu dikirani mpunga."

Ndinali ndikuseka pamene ndinawaona. Alamu anali atadzuka.

Tiyamike anawaonanso. Achemwali anga anaphimba nkhope ndi chitenje. Alamu anamanga batani la jekete, anayang'ana kukhomo komwe njinga zinatseka, kenako anayang'ana kusiteji n'kukweza chala ngati ali pamsonkhano wa akulu a mpingo.

"Ankhoswe," anatero, "musavomere msanga. Tamufunsani mnyamatayo, njinga akuyendetsayo ndi yake kapena ndi yobwereka?"

Denga la malata la holoyo likanatha kuuluka. Anthu anagwa m'mabenchi, a Nasibeko anavina pomwe anaimapo. Amidu, mwana wochenjera, anagwada pansi n'kuyankha moimba, pa chuni cha nyimbo yake yachisoni ija, kuti njinga ndi yake koma pampu ndi ya mnzake. Oimba ng'oma anamulandira pomwepo. Alamu anakhala pansi, ndipo ndikulumbira, ndinawaona mano.

Nyimbo yomaliza sinaimbidwe ndi gulu la zisudzo lokha. Inaimbidwa ndi holo yonse, ngakhale amene sankadziwa mawu ake. Amayi anakwera pasiteji kukavina mozungulira akwati. Ine ndi Che Saidi anatikoka n'kutiika pakati. Mwamuna wachuma uja, amene amayenera kukhala atachoka mwamanyazi, anabwerera kudzavina nawo, ndipo gogo uja anamukhululukira. Tiyamike ankaimba misozi ikutsika, akuseka nthawi yomweyo.

Chimene chakhala chikundizungulira m'mutu sabata yonseyi ndi ichi. Anthu omwewa anaionera filimuyi kambirimbiri. A Nasibeko eni akewo anandiuza kuti anaionera mpaka kuloweza. Palibe tsiku limene anaimirira m'nyumba ya vidiyo kufunsa za ankhoswe. Chifukwa chiyani?

Chifukwa a mufilimu aja ndi ana a eni. Akwatirane pamtengo, akwatirane m'ndege, ife tilibe nazo kanthu. Koma nkhani yomweyo ikavala nkhope ya Tiyamike, amene amakusokerani yunifolomu ya mwana wanu, ndi ya Amidu, amene munamuona akukwawa, siikhalanso yoonerera. Imasanduka yapakhomo. Ndipo zapakhomo sitizisiya kuti zilakwike ife tili pompo.

Ena adzati anthu anaononga sewero. Ine ndikuti analilandira, n'kulipatsa malo, monga timachitira ndi mlendo amene tamukonda. Olemba masewero athu, mukamabwereka nkhani zakunja, kodi mumakumbukira kuti mukuzibweretsa kwa anthu amene adzazifunsa kwawo? Ndinamufunsa Mphatso ngati anakhumudwa. Anapukusa mutu akupukuta thukuta. "Poyamba ndimafuna kuthawa, akulu. Koma mathero amenewa ndi abwino kuposa anga."

Titatuluka panja dzuwa linali litapendekera kuphiri. Che Saidi anandigwira dzanja nthawi yaitali, akundithokoza m'Chiyao. "Sikomo kwejinji, ankhoswe anzanga. Ana awa akakayambana mundipeza pamsika."

Tinayenda wapansi kubwerera kunyumba, ine ndi alamu kutsogolo, Tiyamike ndi mayi ake kumbuyo, diresi loyera lili m'jumbo. Tinawoloka kamlatho. Mwanayo ankangondiyang'ana, maso akufunsa. Paja bambo ake anadzuka ndithu sewero lisanathe, ndipo a Makwinja sadziwika ndi kubweza mawu.

Pafupi ndi nyumba anaima, osatembenuka.

"Tiyamike."

"Wawa, adadi."

"Ku Zombako mukupita liti?"

"Kumapeto kwa mwezi, adadi. Ngati mwalola."

Alamu anayang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Alamu, mukonzeke, mupita nawo. Mwana wanga sangakakwatiwe m'tauni popanda nkhoswe."