Nyeleti za Ba Chrissie m'firiza ya nyama

Ba Chrissie a ku Mtendere anabadwa ndi zala zabwino. Nkhope, tisaname, inali ya masiku onse, koma zala! Bambo awo anachoka ku Ntcheu akadali mnyamata n'kuwoloka malire kudzaphikira Mmwenye ku Kamwala, ndipo ankafuna kuti mwana wawo adzakhale wotayipa mu ofesi. Mwana uja anathawa sukulu ali giredi seveni n'kukakhala pa kampando kuseri kwa msika, mutu wa munthu pakati pa maondo, kuluka tsitsi. Atsikana a ku Kalingalinga ankadutsa masaluni a magalasi kubwera kwa iwo. Zala zimenezo zinaphunzitsa mwana wawo Thandi mpaka koleji. Zinkadyetsanso amuna awo, Ba Fanwell, amene anasiya kuyendetsa minibasi maso atachita chifunga, n'kutsala ndi ntchito yolangiza anthu zinthu zimene sanafunse.

Atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu, mfundo za zala zinayamba kutupa. M'mawa chipeso chinkawagwa m'manja. Mutu umene ankaumaliza dzuwa lisanafike pakati unkatenga tsiku lonse, mwini mutu akuusa moyo n'kumayang'ana foni. Anamwa mapiritsi, anadzola mafuta a kwa abusa. Ba Fanwell anabwera ndi mafuta a mabuleki m'kabotolo, akuti amamasula chilichonse chouma. Zala zinangopindika.

Ku chipatala chachikulu m'tauni anawauza kuti ndi nyamakazi ya mtundu woipa, ndipo anawatumiza kwa nesi wina, Sista Lushomo, amene ankalemba anthu oyeserapo mankhwala atsopano.

"Bamayo, mu thupi mwanu muli asilikali omenya matenda," anatero Sista. "Manje anu asokonezeka, akumenya mfundo zanu. Msilikali aliyense ali na tumakomo tung'ono pomwe kamchere kamapita. Tukatseguka, amapsa mtima. Mankhwala aya ni ma antibodi, amapita kukhala pa kakomo n'kutseka. Sitinadziwe ngati azasebenza kwa aliyense, ndiye chifukwa tikuyesa."

Anawaphunzitsa kudzibaya pamimba, nyeleti imodzi ya jekeseni pa milungu iwiri iliyonse, ndipo ankawapatsa ziwiri zopita nazo kunyumba. Lamulo linali lakuti zikhale mu firiji, zizizire koma zisaume ngati ayisi, chifukwa zikauma mankhwala amafa. Wosasunga malamulo akhoza kuchotsedwa pa mndandanda. Ba Fanwell analipo tsiku limenelo, koma anali pakhomo kufotokozera mlonda njira yachidule yopitira ku Matero.

Miyezi itatu itadutsa, zala zinabwerera. Ba Chrissie ankaziyang'ana m'mawa ngati alendo. Ankaopa ngakhale kuuza anthu kuti apeza bwino.

Kenaka malaiti anayamba kuvuta. Chaka chimenecho mvula inakana, madzi a m'damu la magetsi ku Kariba anatsika, ndipo ku Mtendere magetsi ankabwera ngati mlamu wodutsa, moni basi. Firiji ya Ba Chrissie inasanduka kabati. Ankagula ayisi kumsika, kukulunga nyeleti m'kathaulo, kuika mu kabokosi kozizira. Akamaluka, mtima unali m'kabokosimo. Mtsikana wina anapita kwawo ndi mzere wokhota pamutu chifukwa cha zimenezi.

Lolemba lina kunatentha zoopsa. Ba Fanwell, atakhala okha panyumba, anatsegula kabokosi n'kupeza ayisi yense wasungunuka. Pamenepo anaganiza bwino, tiwayamikire. Ananyamula nyeleti n'kupita kwa Ba Chewe, Mbemba wa butchala ya pakona, amene anali ndi jenereta.

"Bamake Thandi, nasebenza lelo," anatero Ba Fanwell, akazi awo atabwera kuchokera kumsika. "Mankhwala yali kwa Ba Chewe. Kuja malaiti siyapita."

Ba Chrissie anawathokoza. M'mutu mwawo ankaona firiji ya zakumwa ija, ya chitseko cha galasi, imene imakhala pafupi ndi sikelo.

M'mawa mwake linali tsiku lodzibaya. Anafika pa butchala, Ba Chewe akunola mpeni.

"Bana Thandi, mwabwela! Katundu wanu nausunga monga mwana."

Ba Chewe anadutsa firiji ya zakumwa n'kukatsegula dipi firiza. Anachotsa nkhuku, anachotsa ziboda za ng'ombe, anachotsa mutu wa mbuzi, mkono wonse kulowa mpaka phewa.

"Bashi Thandi banakamba ati ikani pansi penipeni, pozizila maningi," anatero Ba Chewe, kunena za Ba Fanwell.

Kathaulo kanatuluka kolimba ngati thabwa. M'nyeleti zonse ziwiri mankhwala anali oyera mbee, ouma gwa. Ba Chrissie anaziyang'anitsitsa. Anakhala pa kreti ya mabotolo.

"Nanga ni chani, mukwai? Vazizila bwino, onani!"

Ba Chrissie anatenga kathaulo kaja n'kunyamuka. Anafika kunyumba n'kuika kathaulo patebulo pamaso pa amuna awo.

"Batate Thandi, mwanipaya."

"Ine? Munakamba mweka ati vifuna kuzizila!"

"Kuzizila, osati kuuma! Sista anakamba muli pamenepo!"

"Kuzizila ni kuzizila chabe. Nyama imawonongeka mu filiza? Iyayi." Koma mawu anali atachepa. Anatenga nyeleti imodzi n'kuifumbata m'manja, kuiuzira mpweya ngati kamwana ka nkhuku. Posakhalitsa inasungunuka, mankhwala n'kuoneka bwinobwino ngati madzi, chimodzimodzi ndi kale.

"Onani manje. Vabwelela. Zibayeni chabe, azaziwa ndani? Mukapita kukamba, bazakufutani pa pepala. Bantu bali mbwee bofuna malo yanu."

Apa Ba Fanwell sananame, ndipo n'chimene chinapweteka. Ba Chrissie anali atawaona anthuwo pa benchi ya chipatala, manja opindika ali pamiyendo, kudikira kuti wina achoke. Analowa kuchipinda ndi nyeleti ija, anakweza bulauzi, anatsina khungu la pamimba monga anawaphunzitsira. Akabaya, ndiye kuti abaya chinthu chakufa, kapena choposa pamenepo, ndani akudziwa chimene antibodi wouma amachita m'magazi a munthu? Zala zikatupa, madokotala adzalemba kuti mankhwala sagwira ntchito, pamene anaphedwa ndi mutu wa mbuzi. Akapanda kubaya n'kukaulula, mwina ndiye mapeto. Anaima choncho mpaka khungu lotsinidwa linachita dzanzi.

Anatsitsa bulauzi. Anavala chitenge.

"Tiyeni."

"Kuti?"

"Mukakambe mweka vamene munachita."

Mu minibasi Ba Fanwell sanalangize dalaivala ngakhale kamodzi, chinthu chimene sichinaonekepo. Pa benchi ya chipatala anadikira maola awiri.

Sista Lushomo anamvetsera nkhani yonse, Ba Fanwell akuifotokoza chipewa chili m'manja, akuyambira kutali, ku Kariba. Sista anatenga nyeleti zija n'kuziponya m'bokosi lachikasu la zotaya.

"Simunabaye?"

"Sininabaye, Sista."

"Zoona?"

"Mulungu aona."

"Ndimwe wachinayi mwezi uno. Wina anabaya, sananiuze mpaka tinapima magazi, yanamugwila." Analemba kanthu pa fayilo. "Nizakamba na dokotala. Yembekezani panja."

Anadikiranso. Ba Chrissie ankapinda zala n'kuzitambasula, kupinda, kutambasula, kumvetsera ngati ululu wayamba.

Sanawachotse. Koma zopita nazo kunyumba zinatha pomwepo: azibwera kudzabayidwa ku chipatala, milungu iwiri iliyonse, minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera, tsiku la kumsika kutayika. Ndipo nyeleti zina zinali zoti zifike patatha masiku khumi.

Masiku khumi ndi ambiri kwa asilikali opsa mtima. Tsiku lachisanu ndi chimodzi chala chapakati chinakana kupinda. Lachisanu ndi chitatu chipeso chinagwa, ndipo mayi wina amene ankalukitsa anadzuka ndi theka la mutu n'kupita ku saluni. Tsiku lobayidwa litakwana, Ba Chrissie anafika ku chipatala asanatsegule, mfundo zili ngati mtedza m'makoko. Mabatani a bulauzi anawamasulira ndi Sista.

"Vizabwelela monga paja, Sista?"

"Sininganame, bamayo. Tizaona pa milungu iwili."

Tsopano ali kuseri kwa msika pa kampando kawo, akulandira mutu umodzi patsiku, wa mizere ikuluikulu yokha. Lero ndi tsiku lachinayi chibayidwire. Akuti chala chapakati chinapinda pang'ono m'mawa, koma sakufuna kuti munthu anene mokweza.