Mmene Modesta Anabwezera Stella ku Bere

"...ndiye ife sitikufuna mlandu ayi, akamwini. Tikungofuna mutiuze kumene mwaponda, mwanayu timupezere mankhwala ake nthawi ikadalipo."

Ankayankhulawo anali a Isaki, amalume ake a Modesta, atakhala pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nkhokwe. Greyson, mwamuna wa Modesta, anali pa mphasa, chipewa chili pa bondo. Mwana wawo Stella, wa miyezi inayi, anali atatsegula m'mimba sabata yathunthu. Liwombo linali litalowa, maso ali mkati ngati a nkhalamba. Mudzi unali utagamula kale kuti ndi tsempho, nthenda imene amati imagwira khanda bambo ake akayenda ndi mkazi wina.

Greyson analumbira kuti kupatula pa shedi yake yokonzera njinga pa Lirangwe, kwina sadziwako. A Isaki anayankha kuti munthu amene wakhala ku Halale amatha kulumbira m'zilankhulo zitatu, zonsezo nkhope ili gwa. Amayi amene anakhala chapatali anaseka mobisa.

Modesta anali atangotsika basi yochokera ku Chileka masana omwewo, nsapato zikadali kuphazi. Anamvetsera pang'ono, kenako analowa m'nyumba kukaona mwana.

Modesta anabadwira m'mudzi momwemo. Agogo ake anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, mbewu ya nandolo ili m'kansalu, ndipo anapatsidwa malo a miyala amene eni dziko sankawafuna. Iye anaphunzira ku mishoni mpaka sitandade fili, nakwatiwa ndi Greyson, napita naye ku Sozibele, ku Halale kuja, kumene mwamunayo ankachapa zovala pa hotela. Zaka zitatu za kumeneko zinamuphunzitsa kusita malaya a kolala, kuyankha Chingerezi mosachita chibwibwi, ndi kuyenda mofulumira. Atabwerera ali woyembekezera, mudzi unamuchepera. Ankaona ntchentche zimene kale sankaziona. Akakhala pa mtondo ndi anzake, mtima unkakhala ku msewu.

Chaka chimenecho, cha chipwirikiti cha Chitaganya, ndege za asilikali zinkatera pa Chileka ngati akhwangwala pa munda wongobzala, ndipo azungu anachuluka. Dona wina, mkazi wa mzungu wogwira ntchito pa bwalo la ndege, ankafuna mlezi womva Chingerezi, ndipo Modesta analowa ntchitoyo. Lamulo lake linali limodzi: mwana wa wantchito asapezeke pa mpanda. M'malo mwake anamupatsa botolo lagalasi la kamlomo ka labala ndi chitini cha mkaka wa ufa, chojambulidwa khanda la masaya onenepa. Modesta anazilandira ndi manja awiri. Anazionetsa kwa amayi a m'mudzi, n'kuwauza kuti ku Sozibele akazi otsogola sayenda mwana akulendewera pa chifuwa ngati mbuzi. Stella anatsala m'manja mwa Christobel, mkulu wake wa Modesta, amene ana ake anali atakula. Modesta ankabwera Loweruka lokha. Akafika sankaloledwa kuyamwitsa, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mkaka umene wagonera m'bere masiku angapo wasasa, ndipo umapha mwana. Anali atatero masabata asanu ndi limodzi.

M'nyumbamo anapeza botolo lili pa mphasa, ntchentche zitatu zili pa kamlomo. Anachotsa kamlomoko, nakatembenuza ndi chala. Mkati munali litsiro lachikasu lonanda, fungo lake ngati la mphika wa mowa wosatsuka. Mkaka wotsala m'botolo unali wopyapyala moti chala chinkaonekera kuseri kwa galasi.

Anafunsa Christobel mmene ankaupangira. Christobel anafotokoza mosabisa, chifukwa sankaona cholakwa. Madzi ankatunga ku mtsinje wa Lirangwe m'mawa, oyera bwino, ng'ombe zisanatsike. Ufa ankathira supuni imodzi, bola madziwo ayere, kuti chitini chikafike Loweruka. Wotsala masana ankausunga kuti mwana amwe madzulo, poti kutaya chakudya cha azungu n'kuchimwa.

Modesta anakhala pansi. Kwa dona, iye yemweyo ankaphika mabotolo m'poto mpaka madzi atabwata, ankawiritsa madzi a mkaka m'ketulo, nawerenga masupuni monga zinalembedwera pa chitini, wotsala n'kuthira m'sinki. Zonsezi ankachitira mwana wa eni kasanu pa tsiku. Wake anamusiyira Christobel, wosadziwa kuwerenga, atamuonetsa kamodzi kokha, ataimirira, khutu lili ku hutala ya basi.

Anatuluka botolo lili m'manja, nakagwada patsogolo pa a Isaki.

"Amalume, asiyeni bambo a Stella. Ngati ali ndi zawo, tidzakamba tsiku lina. Chimene chikudwalitsa mwana ndi ichi, ndipo ndinabwera nacho ndine."

Anawapatsa kamlomo kaja kuti anunkhize. A Isaki anabweza mutu, nalavula kumbali. Komabe anati fungo ndi fungo, tsempho ndi tsempho, ndipo chimodzi sichichotsa chinzake.

Modesta sanatsutse. Anangonena kuti ku Chileka sabwererako, ndipo kuyambira tsiku limenelo mwanayo ayamwa. Apa ndi pamene amayi aja anayandikira. Christobel anamugwira mkono, misozi ili m'maso, n'kumufunsa ngati akufuna kumutsiriza yekha mwanayo ndi mkaka wosasa wa masabata onsewo.

"Achemwali, mkaka wosasa ndauona lero, uli m'galasi. Wa m'thupi mwanga ntchentche sinateremo."

"Nanga ulimo n'komwe? Si mwauma inu, a dona a ku Sozibele?"

Funso la Christobel linamulasa Modesta chifukwa linali loona. Masabata oyamba ankakama mabere kuseri kwa nyumba ya antchito, mkaka n'kumwerera m'dothi, koma tsopano akafinya ankangotuluka madontho awiri kapena atatu.

Anayamba tsiku lomwelo. Anavula diresi la kuntchito, namanga nsalu, namugoneka Stella pa chifuwa khungu ndi khungu. Mwanayo anali atazolowera labala. Akamupatsa bere ankalikankha ndi lilime, n'kulira kulira kopanda misozi. Modesta anawiritsa madzi mu mphika watsopano, nasungunula mkaka wa m'chitini pa muyezo wake weniweni, nayamba kumudonthezera ndi supuni pa nsonga ya bere, kuti akamatsata madonthowo agwire ndi berelo. Chitini chimene chinkatha sabata chinayamba kutsika mooneka. Modesta ankachiyang'ana n'kudziwa kuti chikatha, china sichibwera.

Lolemba Greyson anapalasa njinga kupita ku Chileka kukauza dona ndi kutenga katundu wa mkazi wake. Anabwerako ndi kabokosi ka zovala ndi uthenga wakuti dona wadandaula, wati anthu a kuno ukawathandiza sathokoza. Modesta anamva chisoni pang'ono pokumbukira mwana wa dona, amene ankagona pokhapokha iye akamuimbira. Kenako anatuma Greyson kukatola nkhuni, chifukwa madzi ankafunika kuwira kangapo pa tsiku.

Amayi a m'mudzi ankabwera kudzasuzumira pakhomo. Ena ankabweretsa thobwa n'kulisiya, n'kubwerera. Ena ankangodzaona ngati maliro ayandikira. A Isaki anabwera ndi mizu yoti mwana asambitsidwe. Modesta anawalola kumusambitsa, koma yakumwa anaikana, ndipo amalumewo anachoka akung'ung'udza kuti sukulu ndi Halale zikakumana mwa mkazi mmodzi, mudzi supuma.

Lachitatu kutsegula m'mimba kunachepa. Lachinayi m'chitini munatsala ufa wongokwanira kuphimba pansi. Mabere ankamupweteka, nsonga zitang'aluka, ndipo mwana akagwira iye ankaluma nsalu. Sanasiye. Ankamuika pa bere akalira, akadzuka, ngakhale akangoyasamula.

Lachisanu m'mawa, akusesa pakhomo mwana ali ku bere lamanzere, anamva kulasa m'chifuwa ngati singano zambiri nthawi imodzi. Bere lamanja linanyowetsa nsalu. Anaima chilili, tsache lili m'manja, namvetsera. Pakhosi pa Stella pankamveka kumeza, kamodzi, kenako kawiri motsatizana.

Anaitana Christobel kuti adzamvenso. Christobel anaika khutu pafupi, nakhala choncho nthawi yaitali. Atadzuka anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, nanena kuti mkaka wongobwera kumene ndi mlendo, umafuna kuusamala ungathawe, ndipo woyamwitsa sasowa chinangwa chachiwisi m'nyumba. Chawo chinali chisanakhwime.

Modesta anabereka mwana nayenda wapansi kupita ku msika wa Lirangwe, nsapato atazisiya. Anadutsa pa sitolo ya mmwenye pamene zitini zinasanjidwa pa windo, napitirira mpaka kwa amayi ogulitsa pansi pa mitengo. Anasankha zinangwa ziwiri, nakanda khungu ndi chikhadabo kuti aone ngati n'zotsekemera. Wogulitsayo anamuonjezera kachidutswa, akuti n'ka mwanayo.

Kachidutswako anakasenda ndi mano ali m'njira. Ziwiri zinazo anazimanga pa mpango, nasenza kupita nazo kunyumba.