Chopondera cha a Gondwe

Ndikakumbukira a Gondwe, ndimamva fungo la girisi ndi asidi wa batire, fungo limene linkachokera m'kashedi kawo ka malata ku Katowo n'kudzalowa mpaka m'khitchini mwathu. Anali munthu wamfupi, wadazi lonyezimira, amene anagwira ntchito ya umakaniko ku Chelinda zaka zambiri, ndipo atapuma anabwerera kwawo ndi bokosi la zitsulo zakufa zimene ankazisamala kuposa mbuzi zawo. Ife tinali obwera. Bambo anatumizidwa kuchokera ku Dedza kudzaphunzitsa, ndipo amayi ankasoka pakhonde ndi makina opondaponda.

Chaka china mawondo a amayi anayamba kuvuta, lakumanja n'kutupa zedi, moti kuponda makina kunali kulira. Mwatsoka, nthawi yomweyo amayi a chipani anabweretsa nsalu yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko kuti awasokere madiresi okavinira ku boma. Kukana kunali kosatheka. Aliyense ankadziwanso kuti msoko ukadutsa pankhope ija, kapena singano ikaing'amba, sinkhala nkhani ya nsalu ayi. Munthu ankatengedwa, banja n'kutsala likuyang'ana kumsewu.

A Gondwe anaona amayi akupukuta misozi pamakina, ndipo sanafunse zambiri. Mawa lake anabwera ndi kamota ka feni ya galimoto, nakalumikiza ndi lamba ku gudumu la makina, n'kukapatsa moto wa batire. Atayesa pa kansanza, makinawo anathamanga ngati amisala. Singano inathyoka, nkhuku zinabalalika pabwalo, amayi anagwira pakamwa.

"Yayi, mama, musaope," anatero a Gondwe akuseka, akusakaniza ndi chiyankhulo chakwawo. "Nkhongono zilipo chomene. Chatsala n'kukaphunzitsa ulemu."

Bambo, pokhala mphunzitsi, sakanalola kupitidwa nzeru ndi makaniko. Anabwereka kusukulu kachipangizo ka phunziro la sayansi, konyezimira, kokhala ndi potembenuzira kuti moto uchepe kapena uchuluke. Ine ndinakakonda nthawi yomweyo. A Gondwe anakatembenuza uku ndi uku, n'kukabweza ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, n'kokongola, enya. Koma waya wake ndi wowonda, apsa tisanamalize kolala. Ndiyenso manja onse a mama amakhala pansalu. Dzanja lachitatu lotembenuzira alitenga kuti?"

Bambo anakwiya. Njira yachiwiri, yosuntha waya pamwamba pa batire kuti mota izilandira moto wochepa, a Gondwe anaikana okha. Anati liwiro lizidumphadumpha, ndipo munthu sangamawerame pansi singano ili pafupi ndi khutu la bwana. Masiku ankatha. Ine mtima unali m'mwamba, koma a Gondwe anangokhala pa mpando wandalema tsiku lathunthu, kuyang'ana mmene amayi ankasokera potembenuza gudumu ndi dzanja, pamene ankafulumira ndi pamene ankaima. Ndinawaona ngati waulesi, Mulungu andikhululukire.

Kenaka anadzitsekera m'shedi masiku awiri, tikungomva makina awo akale osokera akulira n'kuima, kulira n'kuima. Chimene anatulutsa chinali chonyansa: waya wopotana wa hita yakufa atakulunga pa njerwa, ndi kathabwa ka pa hinji ya chitseko, kokhala ndi sipuling'i ya mpando wa njinga. Ukaponda pang'ono ndi phazi lakumanzere, moto unkadutsa waya yense ndipo mota inkayenda mwaulemu. Ukaponda kwambiri, njira inkafupika, liwiro n'kukwera. Ukachotsa phazi, zii.

Tsiku losoka linafika, ndipo a Nyakumwenda, wapampando wa amayi a chipani, anaima pakhonde manja ali m'chiuno. Njerwa inkatentha, ikununkha ngati ng'anjo. Ndinaona singano ikutsetsereka, ikuyandikira khutu la pansalu paja, mpaka ndinaiwala kupuma. Amayi anangokweza phazi. Makina anaima patatsala mpata wa chala chimodzi, ndipo anatembenuza nsalu n'kupitiriza ngati palibe kanthu.

"Yewo, mwasoka makora, bwino ndithu," anatero a Nyakumwenda atalandira madiresi onse ali bwinobwino. Sanayang'ane n'komwe njerwa ija.

Patapita zaka zambiri, a Gondwe atamwalira kalekale, amayi anandiuza zimene zinkachitika m'shedi muja. Nsanza wamba sizinawakhutiritse a Gondwe, chifukwa ankafuna kudziwa mmene makina angaimire pansalu yeniyeniyo, yoterera ndi yolimba chimodzimodzi. Choncho anatenga nsalu ya chipani ya malemu akazi awo n'kumayesera pamenepo. Msoko unadutsa pankhope ija katatu chopondera chisanakhale bwino. Atamaliza anaitentha m'mbaula, phulusa n'kukataya m'chimbudzi. Akanangosuzumira munthu mmodzi pazenera, bwenzi atapita osabwerera, chifukwa cha bondo la mkazi wa mlendo.

Lero ndine gogo, ndipo nkhaniyi ndikaiganiza thupi limazizirabe. Tsiku limene tinkasamuka ku Katowo ndinangowabayibitsa ndili pamwamba pa katundu m'lole, nzimbe ili kukamwa. Sindinatsike n'komwe kukagwada, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka pano.