Paipi ya m'munda mwa a Obed

Paipi yobweretsa madzi pampopi wa m'mudzi, kumtunda kwa Nzama, inkadutsa m'munda wa mbatatesi wa a Obed Ngozo. Palibe amene anawasankha kuti aziisamalira. Koma chaka chilichonse, nthawi yogalauza mizere, khasu la wina linkaiboola, ndipo a Obed ankang'amba chubu chakale cha njinga n'kukakulunga pobowokapo.

Akazi awo, mayi Sellina, ankawanyogodola. "Inu bambo, boma linakulembani ntchito liti? Machubu mwatha onse m'nyumba muno."

"Eni ake akabwera, ndisiya," ankatero a Obed akuseka.

Eni akewo sanabwere. Akomiti ya madzi ankati paipi ya pansi ndi ya boma, pomwe a ku ofesi ya boma ankati madzi akalowa m'mudzi ndi a eni mudzi. Popeza mpopi sunkauma, nkhaniyo inkathera pomwepo.

A Obed atagona pamphasa ndi matenda, paipi inabowokanso, madzi n'kumangothera m'mizere. Mayi Sellina ankatsikira kudambo ndi ndowa, maondo akuwawa, kuti achape zofunda za wodwala.

"Kodi amanga?" ankafunsa a Obed.

"Amanga, bambo. Gonani."

Tsiku la maliro, anthu pochokera kumanda anasamba m'manja ndi madzi amatope a kudambo. Akomiti analipo, ndipo anayamika malemuwo kwambiri.

Anthu atabalalika, mayi Sellina anapeza zidutswa za chubu, zong'amba kale, zili pamsomali kuseri kwa chitseko. Anazitenga n'kukwera kumunda okha. Anakulunga paipi ija mmene ankaonera amuna awo akuchitira, koma manja awo analibe mphamvu yokoka, ndipo madzi anapitiriza kudontha pakati pa zala zawo.